Sabata ya kalembera pasukulu yathu yoyendera

Chaka chilichonse Unduna wa Zamaphunziro umatumiza mafomu a kalembera wa sukulu, aja timangoti a EMIS, ndipo pasukulu pathu ntchito yowadzaza imagwera ine monga wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu. Sukulu yathu ndi CDSS, sekondale yoyendera, ili kumudzi ndithu. Mafomuwo amafunsa za madesiki, zimbudzi, mabuku ndi aphunzitsi, koma tsamba limene limandidyera nthawi ndi la chiwerengero cha ophunzira, anyamata paokha atsikana paokha, kalasi ndi kalasi.

Lolemba ndinasonkhanitsa makaundula kwa aphunzitsi oyang'anira makalasi. Mu Fomu 1 atsikana ndi anyamata ali pafupifupi chimodzimodzi, ndipo n'zosadabwitsa: posankha ana amene akhoza mayeso a PSLCE, boma limayesetsa kugawa malo a m'sukulu ngati yathuyi theka kwa theka. Mu Fomu 2 kusiyana kumayamba kuoneka. Mayeso a JCE akadutsa, mpata umakula. Mu Fomu 4 simufunikanso kaundula, mukangoima pakhomo la kalasi maso amakuuzani okha.

Lachiwiri ahedi anandipempha kuti ndifufuze ziwerengero zakale zoti akawonetse makolo pamsonkhano wa PTA. Ndinaswera m'chipinda chosungiramo katundu, ndikufukula makaundula a nthawi imene sukuluyi inali DEC, malo a maphunziro a pamakalata, pansi pa MCDE, koleji ya boma yoyendetsa maphunziro amenewo, boma lisanasandutse malo oterewa kukhala ma CDSS kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Ena chiswe chinadya m'mbali, ena inki inafufuma ndi chinyezi, koma mayina amawerengeka. Mumatsika ndi chala tsamba lonse, mayina a anyamata ali ndandanda, la mtsikana apa ndi apo. Sizinali zapano pokha. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, m'dziko lonse lino mwa ophunzira atatu a kusekondale mtsikana ankakhala pafupifupi mmodzi.

Kutembenuza masamba amenewa kuli ngati kuyang'ana madzi akukwera mumtsinje mvula itagwa kutali kumapiri: zimene zachitika kupulaimale zimafika kwa ife patapita zaka. Mu 1991 inayamba ntchito yolimbikitsa maphunziro a atsikana yotchedwa GABLE, yothandizidwa ndi bungwe la boma la America la USAID, imene inachotsera fizi atsikana osabwereza kalasi kupulaimale. Mu 1993 boma linalola kuti mtsikana amene watenga pathupi adzabwerere kusukulu akachira, pamene kale kunali kuchotsedweratu. Mu 1994 boma la a Bakili Muluzi linayambitsa maphunziro aulere a pulaimale, ana n'kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Mwana amene analowa Sitandade 1 chaka chimenecho, ngati sanabwereze, anafika Fomu 1 cha m'ma 2002, ndipo m'makaundula athu ndi m'zaka zimenezo mmene mayina a atsikana amayamba kuthinana.

Kuganiza kwanga, chimene chinathandiza kwambiri n'chakuti sekondale inabwera pafupi ndi mudzi. Kale mtsikana ankayembekezera malo ochepa a ku Lilongwe Girls, Stella Maris, Marymount kapena St Mary's ku Zomba, ndipo akasankhidwa pankafunika fizi yogonera komweko, thiransipoti, zofunda ndi sutikesi. Makolo ambiri ndalama ikachepa ankatsogoza mnyamata. Sukulu yoti mwana apite m'mawa, madzulo adye nsima pakhomo, inachepetsa kusankhana kumeneku.

Koma chinandiwawa n'chakuti makaundula akale ndi a chaka chino amafanana pa chinthu chimodzi. Pambali pa dzina pamangolembedwa kuti wasiya, basi.

Lachitatu nditaweruka ndinatsagana ndi wapampando wa Mother Group, gulu la amayi a m'mudzi lothandiza atsikana kuti asasiye sukulu, kukaona mtsikana wa Fomu 3 amene anabereka miyezi yapitayi. Ndi mwana wakuthwa m'kalasi, makamaka pa Biology imene ndimaphunzitsa. Tinapeza agogo ake akutongola chimanga pamkeka, malume ake atakhala pachitsa. Titalonjerana, wapampando anafotokoza chimene tabwerera.

“Aphunzitsi, ife sitikukana,” anatero malumewo. “Koma khandali atsala nalo ndani? Kuchimuna akuti amutenge, ife katundu atipepukire.”

Ndinawakumbutsa mwaulemu kuti kuyambira 2015 lamulo la maukwati limati munthu alowe m'banja atakwanitsa zaka 18, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti agwirizane nazo. Anagwedeza mutu, zimenezo ankazidziwa kale. Mbiri ya Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza, imene inathetsa maukwati ambirimbiri a ana, inafika ngakhale kuno. Vuto lawo silinali kusadziwa lamulo. Linali sopo, phala la mwana ndi mtunda. Mtsikanayo amayenda ulendo woposa ola limodzi kuti afike kusukulu, ndiye angayamwitse nthawi yanji?

Agogo aja anali chete nthawi yonseyi. Kenako anaika chitsononkho pansi. “Ine ndinalekeza Sitandade 3, amayi. Mdzukulu wangayu asalekeze. Mwanayo ndizimubereka ine, bola phala lipezeke.” Mtsikanayo anali pakhomo la khitchini, khanda kumsana, maso pansi. Ndinamufunsa kuti, “Mwanangu, makope ako alipo?” Anayankha motsitsa mawu, “Alipo, Madamu, ndinawasunga mujumbo.” Tinagwirizana kuti teremu ikubwerayi abwerere, a Mother Group athandize ufa wa phala kuchokera m'munda wawo.

Lachinayi linali la choko ndi kuchonga. Madzulo ndinazungulira nyumba za lendi za pamsika zimene atsikana ochokera kutali amakhalamo okha, popeza hosteli tilibe. Zitseko zina n'zotseka ndi msomali wopinda, ndipo malo omwera mowa ali pafupi pomwepo. Ambiri amene timawataya mu Fomu 3 amachokera m'nyumba zimenezi.

Lachisanu tinakhala pansi ndi ahedi kuphatikiza ziwerengero. Za sukulu yonse zinatuluka zokongola, atsikana akuyandikira theka, monga zililinso m'dziko lonse masiku ano. Ahedi anakondwa, ndipo ndi pake, chifukwa tachokera kutali. Koma ndinawapempha kuti kwa makolo tisakapite ndi nambala imodzi yokhayo, pakuti Fomu 1 imabisa Fomu 4. Ndinatenga kaundula wa Fomu 1 wa zaka zitatu zapitazo, n'kumufananiza dzina ndi dzina ndi mndandanda wa amene talembetsa ku MANEB kuti alembe MSCE chaka chino. Ahedi anayang'ana mayina osowawo kwa kanthawi, ena anawakumbukira nkhope.

Tinagwirizana kuti kuyambira teremu ino mphunzitsi aliyense azilemba chifukwa chenicheni chimene mwana wasiyira, ndipo mtsikana akajomba sabata yathunthu, dzina lake lizifika kwa a Mother Group lisanathe Lolemba lotsatira. Mafomu a EMIS ahedi anasayina madzulo omwewo, ndipo ndinawatumiza ku ofesi ya maphunziro.