Khutu limafika kaye, diso limabwera pambuyo

Nkhani ya J-cut, kulumikiza filimu moti mawu a gawo lotsatira amayamba kumveka chithunzi chisanasinthe, yandilowa m'mutu tsopano, ndipo mtima wakhala m'malo. Kapangidwe kake tonse a editing timakadziwa: umakoka mzere wa mawu pa timeline, pamene timandandalika zithunzi ndi mawu pa kompyuta, kuti utsogole chithunzi, basi. Chimene chinkandisowetsa mtendere n'chakuti J-cut ya munthu wina wowonera saizindikira n'komwe, pomwe ya wina imamveka ngati kompyuta yasokonezeka, mawu athawa chithunzi. Yankho latulukira kumene sindinkaliyembekezera, pa ntchito ya m'kalasi yolemba mbiri ya katswiri wa mafilimu amene anatisiya kale.

Anzanga anathamangira ma director. Ine ndinatenga malemu Dede Allen, editor, wodula ndi kulumikiza zithunzi, wa filimu ya Bonnie and Clyde ya 1967, poganiza kuti ndiwerenga za ma cut awo othamanga aja, malo amene chithunzi chimalumphira ku chinzake. Koma chimene chinandiimitsa ndi zaka zoyambirira, zija timazilumpha tikamawerenga mbiri ya munthu. Mayi Allen anabadwa mu 1923 ku Cleveland, anamwalira mu 2010. Ku Columbia Pictures analowa ngati mesenjala, wongotumidwa. Atachoka pamenepo sanawaike pa zithunzi ayi, anawaika ku mawu, kusunga ndi kudula phokoso la m'mafilimu, zinthu ngati kutseka kwa chitseko ndi mgugu wa mapazi. Filimu yaikulu yoyamba imene anadula zithunzi zake, Odds Against Tomorrow, inatuluka mu 1959 ali ndi zaka 35. Ndiye taonani amene anali director wake: Robert Wise, munthu amene nayenso anayambira kudula phokoso ku kampani ya mafilimu ya RKO asanakhale editor wa Citizen Kane ya 1941.

Apa m'pamene ndinayamba kukayika kuti mwina sizinangochitika. Ndinatsegula mbiri ya malemu Verna Fields, amene anapata Oscar mu 1976 chifukwa cha filimu ya Jaws. Chimodzimodzi. Amuna awo, a Sam Fields, amenenso anali editor, anamwalira mu 1954 n'kuwasiya ndi ana awiri aamuna, ndipo ntchito imene inawadyetsa zaka zotsatira inali yodula mawu, ya pa wailesi yakanema ndi ya mafilimu, kuphatikizapo El Cid ya 1961. Zithunzi zinabwera pambuyo. Chaka chimene Mayi Fields anapambana chija, mmodzi mwa amene ankapikisana nawo anali Mayi Allen yemwe, ndi Dog Day Afternoon. Amayi awiri otuluka m'chipinda cha mawu, akulimbirana mphoto ya zithunzi.

Mfundo yake ndi iyi, ndipo ndakhala ndikuibwereza ndekha ngati wamisala. Diso limaphethira, limatembenuka, limatopa. Khutu silitseka. Munthu amene watha zaka akumvetsera tepi amadziwa kuti wowonera amasamuka ndi khutu kaye. Mawu a malo atsopano akalowa chithunzi chisanasinthe, mumtima mwake wowonera wanyamuka kale, ndipo cut ikamafika ikungovomereza chimene khutu lanena. Zili ngati mlendo wa ulemu: amayamba wati odi ali panja, ndiye akamalowa simudzidzimuka. J-cut yoipa ndi ija mawu amene atsogola sakulonjeza kanthu. Wangokoka phokoso lililonse chifukwa unauzidwa kuti mawu azitsogola. Yabwino imabweretsa funso, kuti kodi akulira ndani, kodi galimotoyo yaima pati, ndipo chithunzi chimabwera kudzayankha.

Onerani mathero a Bonnie and Clyde muli ndi maganizo amenewa. Aliyense amakamba za zipolopolo zimene zimapha Bonnie ndi Clyde. Koma zipolopolo zisanayambe, mbalame zimabuka m'thengo ndi phokoso la mapiko, mdala amene anawapereka kwa apolisi amadziponya pansi pa galimoto yake, awiri aja n'kuyang'anana, nkhope iyi, nkhope iyo, mwachangu. Mapiko aja ndiwo amakuuza kuti m'thengomo muli anthu. Mfuti zikamalira thupi lako linakonzeka kale, ndipo n'chifukwa chake ma cut ofupika chonchija sakusokoneza. Mu Jaws ndiye poyera. Shaki ya makina imene anapangira filimuyo inkangowonongekawonongeka pojambula ku Martha's Vineyard mu 1974, choncho mbali yaikulu ya filimu chilombocho sichioneka. Umamva nyimbo ya John Williams, umaona madzi, miyendo ya osambira, migolo yachikasu ikukokedwa, ndipo mantha ali tho. Kuti editor alimbe mtima kuchotsa chilombo chimene anthu awonongerapo ndalama, ayenera kukhala munthu wokhulupirira kuti khutu lidzagwira ntchitoyo. Kankhani kena kamene kanandiseketsa: chithunzi chija cha mutu wa munthu wakufa ukutulukira pa bowo la bwato anakachijambulira mu swimming pool ya kunyumba kwa Mayi Fields, atathiramo mkaka wa ufa kuti madzi aoneke ngati a m'nyanja. Anyamata amene ankagwira nawo ntchito, a Spielberg, director wa Jaws, ndi anzawo, ankawatcha Mother Cutter.

Njira imene ndikugwiritsa ntchito tsopano, ndipo sindikuona ina yoposa iyi, ndi yophimba monitor. Ndimaponyapo chitenje, n'kuvala mahedifoni, n'kumvetsera gawo lonse la filimu osaona kanthu. Pamene khutu landiuza kuti apa tasamuka, ndimaimitsa n'kulemba nthawi yake papepala. Kenako ndimavundukula n'kuona pamene cut yeniyeni yagwera. Pa ntchito ya Mayi Allen, kawirikawiri cholemba changa chimatsogola, cut imabwera pambuyo pang'ono. Kampata kameneko, pakati pa pamene ndalemba ndi pamene chithunzi chasintha, ndiko phunziro lonse la editing. Ndikunena mosaopa kuti amene wachita izi mwezi umodzi waphunzira zambiri kuposa amene waloweza buku lililonse. Mnzanga wina akuti ndikukokomeza, akuti njirayi singathandize pa filimu zopanda mawu kapena pa kanema wa nyimbo amene amadulidwa motsatira ng'oma. Ndamumva, koma chitenje sindichotsa.

Ndinayesa pa vidiyo ya ukwati imene ndinapatsidwa kuti ndikonze. Pochoka kutchalitchi kupita ku holo, poyamba panali fade ija timaikonda tonse, chithunzi kuzimirira pang'onopang'ono. Ndinaichotsa. Akwati akadali pa masitepe a tchalitchi, ojambula akuwauza kuti amwetulire, ndinalowetsa pansipansi mawu a MC wa ku holo akuitana a kuchikazi kuti abwere ndi perekaniperekani, nthungululu zikutsatira. Kenako cut, ndalama zikuuluka pamwamba pa mbale. Eniake ataonera sananene kanthu za editing, anangoti vidiyoyo siitopetsa. Kwa ine kumeneko ndiye kukhoza mayeso.

Chimene chikundinyansa n'chakuti zimenezi ndazipeza ndekha, m'mbali mwa ntchito ina. Aphunzitsi athu nthawi yambiri imathera pa ma shortcut a pulogalamu yodulira mafilimu ya Premiere ndi mayina a ma director, ngati kuti filimu imapangidwa ndi munthu mmodzi. Za mawu anaziika kumapeto kwa teremu, masabata aja aliyense amakhala akuthamanga ndi ma project, ndipo zikuoneka kuti zidzangodutsidwa pamwamba. M'chipinda cha makompyuta mahedifoni ndi owerengeka, ena amalira khutu limodzi. Munthu ungaphunzire bwanji kudula mawu m'chipinda chimene anthu khumi akuseweretsa timeline zawo pa sipika nthawi imodzi? Ukati ukachitire kunyumba usiku kukakhala bata, magetsi azima. Sindikuti aphunzitsiwo sadziwa ntchito, ena mwa iwo ajambula zinthu zabwino. Koma nawonso anaphunzitsidwa kuti kamera ndiye mfumu, mawu ndi wantchito wobwera kudzasesa zonse zikatha.

Pali munthu mmodzi amene akundisokonezera mfundo yanga yokongolayi, malemu Anne V. Coates. Iwo sanadzere ku mawu. Anabadwa mu 1925 ku England, anagwirapo ntchito ya unamwino ku East Grinstead, kenako analowa m'mafilimu pokonza matepi a makanema achipembedzo amene ankazungulira m'matchalitchi, kumata pamene paduka. Komabe ndi iwo amene anadula cut yotchuka ija ya mu Lawrence of Arabia ya 1962, munthu akuzimitsa machesi ndi mpweya, pomwepo chipululu dzuwa likutuluka. Poyamba panayenera kukhala dissolve, chithunzi china kusungunukira mwa chinzake, koma iwo ndi director David Lean ataona zithunzi ziwirizo zitangolumikizidwa, anazisiya choncho. Anapata Oscar, anagwira ntchito mpaka atayandikira zaka 90, kuchoka pa lumo ndi tepi kufika pa pulogalamu ya pa kompyuta ya Avid, n'kumwalira mu 2018. Ine ndikamvetsera cut imeneyo nditaphimba monitor ndimamva mpweya uja ukundikankhira m'chipululu, ndiye ndimafuna kunena kuti nayonso ndi ya khutu. Koma mwina ndikungokakamiza kuti aliyense alowe m'thumba langa.

Ndiye pali funso lina limene likundivuta kwambiri. Mayi Allen ndi Mayi Fields anakhalitsa ku mawu chifukwa zitseko zina zinali zotseka, kapena chifukwa panafunika kudyetsa ana, osati chifukwa anasankha kuti akaphunzire nzeru. Kodi chinawapanga akatswiri ndi chipinda cha mawucho, kapena ndi zaka zambirimbiri zodikira zija, zimene zikanawanola kulikonse kumene akanakhala? Ngati ndi chipindacho, ndiye kuti ndikamaliza pano ndibwino ndikafune ntchito ku wailesi kaye, ndikadule mawu chaka chimodzi kapena ziwiri ndisanagwirenso zithunzi. Ngati ndi zakazo, ndiye kuti chitenje changachi sichingandifupikitsire njira monga ndikuganizira. Fomu yosankha kokachita attachment ikufunika Lachisanu, ndipo mpaka pano sindinalembepo kanthu.