Ku Chembe ndinaona nsomba yolera ana m'kamwa

Ndinafika ku Cape Maclear dzuwa litapendeka, pa njinga yamoto yomwe ndinakwera pafupi ndi Monkey Bay. Msewu wake ndi wokhotakhota m'mapiri, anyani atakhala m'mbali. Ndinagona m'mudzi wa Chembe, womwe unazunguliridwa ndi Lake Malawi National Park. Pakiyi inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika m'gulu la malo ofunika padziko lonse.

M'mawa mnyamata wa boti ananditengera ku chilumba cha Thumbi n'kundibwereka galasi loonera m'madzi. Nditangomiza nkhope, nsomba zing'onozing'ono za m'miyala zotchedwa mbuna zinali piringupiringu, zabuluu, zachikasu, zina zamizeremizere, zikupala ndere pamiyala. Imodzi inali duu pansi pa mwala, kukhosi kotupa, osadya. Nditavuuka ndinafunsa ngati ikudwala. "Ayi achimwene, ili ndi ana m'kamwa imeneyo," anatero. Ndinamizanso kukaiona bwino, mtima uli m'malo.

Mbuna zambiri sizichoka pamiyala pomwe zinabadwira. Mchenga ndi madzi akuya zimaziopa, n'chifukwa chake mitundu ina imapezeka pa chilumba chimodzi basi. Apa ndinamvetsa chomwe malire a pakiyi amalowera m'madzi mamita 100 kuchokera kumtunda. Mukakokolola nsomba pamiyala imeneyo, palibe kwina kokatenga mbewu.

Madzulo ndinapeza ana akukoka neti ya udzudzu m'madzi osaya, ndipo munali tinsomba tosaposa chala. Zinandiwawa kwambiri, pakuti ine likodzo ndinadwalapo ndili mwana. Ofufuza omwe agwira ntchito pagombe lomweli kwa zaka zambiri anapeza kuti nsomba zodya nkhono zitachepa, nkhono zofalitsa likodzo zinachuluka pamchenga pomwe amayi amachapira ndi kutsukira mbale. Choncho amene amati kusamala nyanja n'kosangalatsa alendo okha, ine sindigwirizana nawo. Wodwala ndi mwana wa pamudzi pompo.

Ndinacheza ndi mayi wina yemwe amayanika usipa pathandala. Nthawi yotseka nyanja mu Novembala ndi Disembala, chambo chikamaswana, amaidziwa bwino, ndipo sanaitsutse. Anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Bambo, lamulolo ndi labwino, koma miyezi iwiriyo poto akhala ndi chiyani?"

Yankho ndinalibe. Ndinagula mbale ziwiri za usipa, iwo n'kundiikira basera.