Musanagumule khoma la pakati pa balaza ndi khitchini, tsatani kaye mawaya

Nyumba zambiri zakale kuno ku Lilongwe, monga za ku Area 18 ndi Area 25, zili ndi tizipinda topanikizika, ndiye eni ake akumagumula khoma la pakati pa balaza, chipinda chodyera ndi khitchini kuti malo atakasuke. Ine ndikapatsidwa mbali ya magetsi pa ntchito yotere, ndimawapempha a bilidala kuti hamala iyambe yadikira mpaka nditadziwa kumene waya aliyense wa m'khomalo wachokera ndi kumene akupita. Soketi imene mukuiona pakhomapo kawirikawiri si pamene waya wathera. Moto umangodutsapo, n'kupitirira kumasoketi ndi mababu a m'zipinda zina.

Zoti khomalo lanyamula denga kapena ayi, funsani injiniya, ndipo ngati mukusintha kamangidwe ka nyumba mufikenso ku khonsolo ya mzinda. Chimene ndimafuna kumva kwa iwo n'chakuti pabwera mtanda wa konkire kapena ayi, chifukwa paipi yanga iyenera kulowa asanathire. Mtanda ukauma sitiusemanso. Mita kapena waya wochokera papolo zikakhala pakhoma lomwelo, osuntha ndi a ESCOM okha. Ndipo wokugwirirani za magetsi akuonetseni chiphaso cha MERA, bungwe la boma loyang'anira za magetsi ndi mafuta.

Ndimayambira kudenga, m'mamawa malata asanatenthe. Kwathu kuno mawaya amayenda m'mapaipi a pulasitiki a 20 mm kapena 25 mm, ogonekedwa pamwamba pa siling'i n'kutsikira m'khoma, m'kangalande kosemedwa m'njerwa kenako n'kumatidwa pulasitala. Ndimawerenga mapaipi onse otsikira m'khomalo, ndikatsika ndimawerenga masoketi ndi maswitchi a mbali zonse ziwiri. Mapaipi akakhala 5 koma mabokosi 4, mwina pali bokosi lina limene linakwiriridwa n'kupentedwa, kapena paipi imene yakhotera kukhoma loyandikana nalo. Ndikatero ndimapita pa DB, bokosi logawira magetsi m'nyumba, kutsitsa breaker (switch imene imagwa yokha moto ukachuluka) imodziimodzi n'kumalemba chilichonse chimene chazima m'nyumba monse. Zolembedwa pachitseko cha DB sindizidalira. M'nyumba imene inawonjezeredwapo chipinda, soketi ya firiji imatha kupezeka pa breaker yolembedwa kuti mababu.

Pozimitsa ndi pamene anthu amavulalira. Magetsi akathima dera lonse, waya aliyense amaoneka wozizira, munthu n'kumagwira momasuka, moto n'kubwera dzanja lili pamkuwa. Ndiye ngakhale athime, main switch itsike ndithu, ikhomedwe kapena imatidwe tepi ndi pepala lochenjeza. China ndi inveta. Nyumba zambiri tsopano zili ndi sola, mabatire kapena jenereta, ndipo mababu ndi masoketi a pabalaza ndi amene amakonda kulumikizidwa kumeneko. Mukatsitsa main switch, inveta imangoona ngati ESCOM yathima, n'kuyamba kutumiza 230 V m'mawaya omwewo mukufuna kudulawo. Izimitsidwe payokha, pamodzi ndi breaker yake yotulutsira moto. Kasikuludilaiva koyaka kababu kaja sikokwanira. Ndimagwiritsa ntchito tesita ya nsonga ziwiri: kuiyesa kaye pamene ndikudziwa kuti pali moto, kenako pakati pa live (waya wobweretsa moto) ndi neutral (wobweza moto), live ndi earth (waya wa chitetezo), neutral ndi earth, n'kubwereranso pamoto paja kutsimikiza kuti tesitayo ikugwirabe ntchito.

Nkhani yaikulu ili pamasoketi. Kalumikizidwe kathu tinatengera ku Britain, n'chifukwa chake nyumba zambiri zili ndi ring: waya wa 2.5 (kunenepa kwake mu mm²) amatuluka pa breaker ya ma amp 30 kapena 32, kuzungulira masoketi onse n'kubwerera pa breaker yomweyo. Soketi iliyonse imalandira moto kuchokera mbali ziwiri. Mukaona mawaya awiri a live pa breaker imodzi, ganizirani zimenezi, ndipo mita yoyezera itsimikize. Wina akadula ring pogumula khoma n'kungokulunga tepi nsonga ziwirizo, palibe chimene chimazima. Masoketi onse amagwirabe, eni nyumba n'kulipira mosangalala. Koma tsopano moto wonse wa masoketi a mbali iliyonse wasiyidwa kwa waya mmodzi wa 2.5, amene m'paipi ya m'khoma sayenera kupitirira ma amp 24, pomwe breaker ikudikira 32. Ketulo, simbi ndi hotipuleti, chilichonse cha 2,000 W, zikayatsidwa pamodzi zimakoka ma amp 26. Waya amatentha, pulasitiki yake imauma n'kuyamba kusweka, breaker osagwa.

Njira zake n'ziwiri. Mutha kulumikizanso ring kudzera pamwamba pa siling'i, ndi paipi yatsopano ndi mawaya atatu a 2.5. Kapena kuigawa kukhala mizere iwiri, uliwonse pa breaker yakeyake ya ma amp 20. DB ikakhala ndi malo ine ndimakonda yachiwiriyi, ndipo khitchini ndimaipatsa mzere wake wokha, poti khitchini ikatseguka zipangizo zimachuluka. Ngati masoketiwo sanali pa ring, vuto limadzionetsa lokha: onse a kutsogolo kwa podulapo amazima, ndipo mumangowapezera njira ina.

Earth ndiye sadzionetsa n'komwe. Akaduka, zonse zimayaka bwinobwino mpaka tsiku limene firiji yayamba kugwira anthu. Nyumba zina zakale kwambiri zili ndi mapaipi achitsulo, ndipo paipiyo ndiyo earth wake. Mukaidula, mabokosi onse a kutsogolo atsala opanda chitetezo, ndiye pamafunika kukoka waya wa earth weniweni. Samalaninso mitundu. Mawaya akale ndi ofiira, akuda ndi obiriwira. Atsopano ndi abulauni, abuluu, ndi obiriwira osakanikirana ndi chikasu. Wofiira amakumana ndi wabulauni, wakuda ndi wabuluu. Koma mu switch yakale waya wakuda amatha kukhala wa moto, ndiye yezani, musangotsata mtundu.

Mababu amayenda pa waya wa 1.5 ndi breaker ya ma amp 6 kapena 10. Switch imene inali pakhoma logumulidwalo iyenera kupeza pokhala, ndipo popeza chipindacho tsopano chili ndi makomo awiri kapena atatu, ndimaika ya two-way, yoyatsira babu limodzi kuchokera malo awiri, yokhala ndi mawaya awiri oyenda pakati pa polumikizira polembedwa L1 ndi L2 pa maswitchi onse awiri. Msampha wake uli apa: mababu a kukhitchini ndi a pabalaza nthawi zina amakhala pa ma breaker osiyana. Mukawaphatikiza pa switch imodzi, live kuchokera uku, neutral kuchokera uko, wodzakonza mtsogolo adzatsitsa breaker imodzi n'kugwidwa ndi neutral, ndipo ngati mizereyo ili pa ma earth leakage (ma breaker ogwa moto ukathawira pansi) awiri osiyana, azingogwa mukayatsa. Babu lililonse litenge live ndi neutral pamzere umodzi.

Kupota mawaya n'kukulunga tepi sindilola, makamaka kudenga kumene kuli kutentha ndi makoswe. Polumikizira pakhale makonekita, m'bokosi la chivundikiro, pamalo poti munthu atha kufikapo kudzera pachibowo cha siling'i. Osakwirira joini m'pulasitala. Pamene paipi ikulola, kukoka waya watsopano kuchokera bokosi kufika bokosi ndiko kwabwino koposa. Waya amene sakufunikanso achotsedwe kumene wachokera.

Mapaipi atsopano atsike molunjika pamwamba pa soketi kapena switch, kapena adutse mkati mwa 150 mm kuchokera pakona kapena pasiling'i, osati chopingasa, kuti wokhoma msomali wa chithunzi adziwe popewa. Pakhoma la theka la njerwa, la 115 mm, kangalande kotsika kasapitirire 38 mm kuya kwake. Ngati mukufuna kauntala ya pakati pa khitchini, paipi ya 25 mm ilowe pansi matailosi asanaikidwe, yopanda joini ya waya, makona osaposa awiri, ndipo musiyemo chingwe chokokera. Kuka (chitofu cha magetsi) ikasuntha isunthe ndi waya wake wa 6, breaker yake ya 32 ndi switch ya ma amp 45 yosatalikira mamita 2, pambali osati pamwamba pa mapuleti.

Pulasitala asanabwere ndimayeza. Ring iyenera kuonetsa kuti live, neutral ndi earth akuzungulira osaduka. Earth afike pa soketi ndi babu lililonse. Ndikachotsa mababu ndi zonse zamapulagi, ndimathira 500 V ya megger, mita yoyezera ngati pulasitiki ya waya ikutchingabe moto, ndipo isatsike pa megaohm imodzi. Waya watsopano amawerenga zambiri kuposa apo, ndiye ikangokhala pafupi ndimafufuza pamene gulainda kapena tchizulo inakanda. Moto ukabwerera ndimadina batani loyesera la earth leakage ya 30 mA kuti igwe. Kenako jambulani mapaipi onse pafoni tepi yoyezera ili pambali, ndipo zolembedwa pa DB zisinthidwe tsiku lomwelo.