Mmene ndinakonzekerera intaviyu ya ntchito ya frontend

Uthenga wondiitana ku intaviyu ya frontend, ntchito yopanga mbali ya webusaiti imene anthu amaona ndi kudina, utafika, ndinali ndi masabata awiri okha, choncho ndinayamba ndi kuwerenganso chilengezo cha ntchitoyo mzere ndi mzere. Olemba ntchitowo ankafuna munthu wodziwa React, chida cha JavaScript chopangira masamba a webusaiti, koma m'munsi analembamonso HTML, CSS ndi JavaScript, ziyankhulo zoyambira za webusaiti zimene ndinkaganiza kuti ndinathana nazo kalekale. Nditadziyesa, ndinapeza kuti React inandizoloweza moti sindinkathanso kufotokoza zimene browser imachita munthu akadina batani.

Sabata yoyamba yonse ndinabwerera ku JavaScript yeniyeni. Ndinkatsegula MDN Web Docs, tsamba lofotokoza ziyankhulo za webusaiti, n'kuwerenga mutu umodzi, kenako n'kutseka tsambalo ndi kulemba chitsanzo changa osaonera. Chimene chinandidyera nthawi ndi event loop, njira imene JavaScript imasankhira ntchito yotsatira, makamaka chifukwa chimene setTimeout (lamulo lochedwetsa ntchito), ngakhale mutaipatsa mamilisekondi 0, imadikirira kuti ntchito ya promise (lonjezo la zotsatira zobwera pambuyo pake) ichitike kaye. Ndinalemba mizere inayi ya console.log, lamulo lotulutsa mawu poyesa code, n'kulosera dongosolo limene itulukire, ndipo maulendo awiri oyamba ndinaphonya. Pa CSS sindinachedwepo, ndinangodzikumbutsa kuti flexbox imasanja zinthu za patsamba molowera mbali imodzi pamene grid imagwira mizere ndi madanga nthawi imodzi.

Sabata yachiwiri ndinasesa GitHub yanga, malo osungirako code pa intaneti, n'kusiya poonekera mapulojekiti awiri okha amene ndikanatha kuwayankhira funso lililonse. Imodzi mwa iyo ndinaiyesa ndi kiyibodi yokha, mausi nditaiika pambali, ndipo ndinachita manyazi kuona kuti Tab ikulidumpha batani lotumizira fomu, chifukwa ndinalipanga ndi div, bokosi wamba la HTML limene Tab siimapo, m'malo mwa button. Madzulo aliwonse ndinkatchera wotchi mphindi 45 n'kumalemba code uku ndikulankhula mokweza ngati pali wondimvetsera. Zimaoneka zamisala, koma palibe china chimene chinandithandiza kuposa chimenechi, poti ofunsa sangaone zimene zili m'mutu mwa munthu amene wangoti zii.

Tsiku la intaviyu anandiuza kuti ndipange bokosi lofufuzira lotenga zotsatira ku API, khomo limene pulogalamu imapempherapo deta ku pulogalamu ina. Ndisanagwire kiyibodi ndinafunsa zimene ziyenera kuoneka netiweki ikadula kapena zotsatira zikasowa. Ndinaika debounce ya mamilisekondi 300 kuti pempho lisamapite pa chilembo chilichonse, kenako ndinakakamira, chifukwa yankho lakale linkafika mochedwa n'kufufuta latsopano. Ndinawauza mosabisa kuti vutolo ndaliona ndipo ndikuganiza zoletsa pempho lakale ndi AbortController, ngakhale kalembedwe kake ndinali nditaiwala. Mmodzi wa ofunsawo anandilola kuyang'ana pa MDN.

Nthawi inatha ndisanakongoletse tsambalo, ndipo linkaoneka losasangalatsa. Atandipatsa mpata wofunsa, ndinafuna kudziwa amene amaunika code ya wantchito watsopano isanafike kwa ogwiritsa ntchito. Patatha masiku atatu anandiitanira ku gawo lachiwiri, ndipo funso lawo loyamba linali la AbortController yomwe ija.