Malata a amalume ndi amene andiphunzitsa x

Dzulo ndinagona cha m'ma 1 koloko, koma ndinagona mtima uli m'malo. Funso lomwe lakhala likundizunguza mutu chiyambire phunziro la VAT (msonkho womwe amauika pa mtengo wa katundu) m'kalasi yathu ya Loweruka, la momwe ungapezere mtengo wa katundu asanaikepo msonkho, ndalimvetsa tsopano, ndipo amene andimvetsetsa ndi malata a amalume.

Amalume anagula malata ndi misomali, ndipo zonse pamodzi analipira K238,000. M'menemo munali K5,000 ya mnyamata wa lole amene anawanyamulira katunduyo. Lisiti la EFD, lochokera m'makina a msonkho a m'mashopu, linagona m'thumba la malaya mpaka inki inazimiririka, mukuwadziwa mapepala aja. Chomwe chinkawerengeka ndi mzere wa VAT 16.5% basi, mlingo wa nthawi imeneyo. Iwo ankafuna kuyerekeza ndi mtengo womwe anawauza pashopu ina ku Limbe, wosaphatikiza msonkho, ndiye anandiitana.

"Mphwanga, paja umaphunzira za akaunti. Tandiuza, asanaikepo msonkho katunduyu anali ndalama zingati?"

Ndinachotsa K5,000, kutsala K233,000. Kenako ndinachita zomwe ndakhala ndikuchita zaka zonsezi. Ndinapeza 16.5% ya K233,000, yomwe ndi K38,445, n'kuichotsa. Yankho, K194,555. Ndinawauza molimba mtima. Amalume sukulu sanapite nayo patali, koma ndalama sizingawapite pansi. Anangopukusa mutu nkuti, "Ayi, ndikukumbuka mwini shopu anatchula 200 sauzande yosalala. Werenganso bwino."

Manyazi ndi amene anandikhazika pansi. Ndinatenga K194,555 ija n'kuikanso VAT kuti ndione ngati ibwerere pa K233,000. Inathera pa K226,657. Siinabwerere. Pamenepo m'mutu munayera: 16.5% ija inawerengedwa pa mtengo woyamba, ndalama yomwe sindikuidziwayo, pomwe ine ndinkaiwerengera pa ndalama yomwe msonkho walowamo kale. Ndinkatenga gawo la nambala yaikulu n'kumayembekezera kuti lifanane ndi gawo la nambala yaing'ono.

Ndiye ndinangolemba x. Mtengo woyamba ndi x, ukauika msonkho ukhala 1.165x, kuphatikiza ya lole ndi 1.165x + 5,000 = 238,000. Chotsa 5,000, gawa ndi 1.165, x ndi 200,000 ndendende. Msonkho unali K33,000, osati K38,445. Kusiyana kwake K5,445, yoposa yomwe anapatsa wa lole uja.

Chomwe chandizizwitsa kwambiri n'chakuti K33,000 mu K233,000 ndi pafupifupi 14.2% chabe. Msonkho ndi womwewo, koma ukauyang'ana kuchokera pa ndalama yomaliza umaoneka wocheperako. Ndakhala ndikuwerenganso kangapo, ndipo ikungotuluka momwemo. VAT yake itasintha mawa, umangosintha 1.165 ija, njira ndi yomweyo.

Dongosolo lake ndalimvetsa ndi lole yomweyo. Thumba lomwe lakwezedwa pomaliza ndi lomwe limayamba kutsitsidwa. K5,000 inabwera pomaliza, ndiye imayamba kuchoka, kugawa kumabwera pambuyo. Koma ikanakhala kuti shopuyo ndi yomwe inabweretsa katunduyo, n'kuika ndalama ya thiransipoti palisiti isanawerenge msonkho, bwenzi pakufunika mabulaketi: 1.165(x + 5,000). Pa malata omwewo a K200,000 amalume akanalipira K238,825. K825 yapamwambayo ndi msonkho wa pa K5,000 ija. Mabulaketi awiri okha, koma ndi ndalama zenizeni za m'thumba.

Panopa chilichonse ndikungochiika x. Ndikuona ngati munthu amene wagwira njira imeneyi safunikanso kuloweza fomula iliyonse ya m'mutu umenewu. Mnzanga wina m'kalasi amakonda kupeza msonkho pochulukitsa ndalama yomaliza ndi 33/233, akuti n'kwachangu. Mwina n'zoona, koma mufunseni kuti 233 yachokera kuti, angokuyang'anani.

Apa ndiye pomwe ndimapsa mtima pang'ono. Ku sekondale tinathetsa ma ikweshoni osawerengeka, zaka za John ndi za bambo ake, masitima awiri othamangitsana, koma palibe tsiku lomwe mphunzitsi analowa ndi lisiti la m'sitolo n'kunena kuti x ndi uyu. Aphunzitsi athu a Loweruka nawo analemba fomula pabolodi, n'kufunsa kuti "tili limodzi?", ife n'kuvomera ngati kwaya, iwo n'kufufuta. Sindikuwada ayi, maola atatu pa sabata ndi ochepa, ndipo ambirife timafika titatopa kale ndi ntchito. Komabe mphindi zisanu zokha zikanakwana.

Pali pena pomwe x wangayu akundikanika. M'mawa uno ndimafuna kudziwa kuti nditumize zingati pafoni kuti mayi akatapa alandire ndalama yokwanira bwino. Koma ndalama yodula pamenepo imayenda m'magulu, kuyambira pakuti kufika pakuti amadula mwakuti, ndiye kuti udziwe gulu uyenera kudziwa kale yankho. Ndinangoyesa nambala ziwiri zitatu mpaka zinatheka. Kaya pali njira ya alijebula yochitira zimenezi, kaya kuyesayesako ndiye njira yake, sindinafikepo. Loweruka ndifunsa, ngati nthawi ikhalepo.