Sabata imene makompyuta ankatikaniza pakhomo

Lolemba m'mawa, ndisanavule n'komwe jekete, foni ya mu ofesi inali italira kanayi. Dandaulo linali limodzi: munthu akalemba dzina ndi pasiwedi pa tsamba lathu la ngongole, tsambalo likungophethira n'kumubwezera pomwe anayambira. Silikunena kuti pasiwedi ndi yolakwika, silikunena chilichonse. Ndimayang'anira makompyuta ku bungwe lina losunga ndi kubwereketsa ndalama ku Lilongwe, ndipo kumapeto kwa mwezi anthu amadzaza mabenchi mpaka pakhonde.

Ndinachita zimene aliyense wa ntchito yathu amayamba nazo: ndinauza anzanga kuti afufute ma cookie mu Chrome. Onse analowa, ine n'kupuma. Cookie ndi kachidutswa ka mawu kamene seva (kompyuta imene imasunga tsamba) imapatsa browser (pulogalamu yotsegulira masamba, ngati Chrome) munthu akalowa, kangati tikiti ya m'basi imene kondakitala amaiona nthawi iliyonse akadutsa. Njirayi anaiyambitsa Lou Montulli ku kampani ya Netscape mu 1994, chifukwa seva payokha sikumbukira amene yalankhula naye mphindi yapitayo. Tikiti ikasokonekera, seva imakuona ngati mlendo.

Lachiwiri vuto linabwerera kwa anthu omwe aja, kuwonjezapo atatu a ku nthambi ya Mzuzu. Apa mtima unayamba kundiwawa, chifukwa ndinamva wina akunena kuti amayi a ku akaunti sadziwa kugwiritsa ntchito kompyuta. Amayiwa agwira ntchito pano kuposa tonsefe. Ukamangouza munthu kuti afufute ma cookie tsiku ndi tsiku, umakhala ukumusenzetsa mlandu umene suli wake. Tsikulo linathera ku seva: nthawi inali yolondola, disiki inali ndi malo, satifiketi ya HTTPS, yotetezera tsamba, inali isanathe. Kompyuta imodzi ya ku Mzuzu inapezeka ndi vuto lakelake, kabatire ka CR2032 kosunga nthawi kanatha ndipo deti linabwerera m'mbuyo, koma zimenezo zinali zina.

Lachitatu ndinasiya kuyankha pa foni, ndinakoka mpando n'kukhala pafupi ndi amayi aja.

“Amayi, chitani zonse monga mumachitira m'mawa uliwonse, musadumphe kanthu.”

“Achimwene, ine ndimayamba ndasaina kuti ndafika, kenako ndiye ndimatsegula za ngongolezo. Tsiku limene ndinaiwala kusaina, zinatseguka bwinobwino.”

Mawu amenewa ndi amene anatsegula nkhani yonse. Tsamba losainira kuti wafika pa ntchito ndi latsopano, linaikidwa Loweruka lapitalo. Ndinadina batani la F12, limene limaonetsa za m'kati mwa tsamba, n'kupita pa Application kukaona ma cookie. Analipo awiri a dzina limodzi, PHPSESSID. Limeneli ndi dzina limene PHP, chinenero cholembera masamba a pa intaneti, imapereka yokha ngati wolemba pulogalamu sanasankhe lake, ndipo masamba athu onse awiri ndi a PHP. Cookie ya tsamba losainira inalembedwa kuti igwire pa domain yathu yonse, dzina la pa intaneti limene masamba athu onse ali pansi pake, choncho inkatsatira munthu mpaka ku tsamba la ngongole.

Chovuta chake n'chakuti browser ikamatumiza ma cookie, imangotumiza dzina ndi zili m'kati, osanena kuti iyi yachokera kuti. Malamulo a ma cookie otchedwa RFC 6265, a mu 2011, amati ma cookie akakhala ndi njira yofanana (gawo la tsamba limene amagwirapo ntchito), yakale izikhala patsogolo. PHP nayo imatenga yoyambayo n'kusiya inayo. Ndiye amene wayamba ndi kusaina, tikiti ya kosainira ndi imene inkafika patsogolo ku tsamba la ngongole, seva n'kuikana. Akafufuta ma cookie n'kulunjika ku ngongole, zinkatheka, mpaka m'mawa wotsatira. Amene ankasaina pa foni vutoli sanalionepo. Anthu amene ankavutika anali omwe ankatsatira bwino lamulo la ofesi.

Lachinayi ndinalankhula ndi mnyamata amene anatilembera tsamba losainira. Sindinamukalipire, chifukwa inenso ndinavomereza kuti liyambe kugwira ntchito ndisanayese masamba awiriwo pa kompyuta imodzi. Tinachotsa ku cookie yake mzere wa Domain, umene unkaifikitsa pa masamba athu onse, ndipo tsamba lililonse tinalipatsa dzina lakelake. Pa la ngongole ndinaika dzina loyamba ndi __Host-. Browser ikaona chiyambi chimenechi imakana cookie iliyonse ya dzina lotere imene ilibe Secure (chizindikiro choti idutse pa HTTPS pokha), imene ili ndi Domain, kapena imene njira yake siikhudza tsamba lonse. Kutanthauza kuti tsamba lina la m'nyumba mwathu momwemo silingadzalembenso pamwamba pake. Tinayesa pa Chrome, Firefox ndi Edge, kenako tinadikira kuti anthu aweruke, chifukwa kusintha dzina kumatulutsa aliyense amene ali m'kati. Magetsi anathima cha m'ma 6 koloko, tinamalizira pa jenereta.

Lachisanu ndinafika 7 koloko n'kukaima ku akaunti. Amayi aja anasaina, anatsegula za ngongole, zinalowa ulendo umodzi. Ku Mzuzu nakonso anati zili bwino. Mu lipoti la kwa abwana ndinalemba momveka kuti vuto linali la masamba athu, ndiponso kuti amene analitulukira ndi amayi a ku akaunti. Ndinawasindikizira kope lawo, iwo analipinda n'kuika mu chikwama, kenako anaitana munthu woyamba pa benchi.