Ndevu za alandilodi zagwera mu tiyi

Inu oonera sewero pa TV mumayesa kuti munthu akagogoda n'kulowa m'nyumba, zonsezo zajambulidwa tsiku limodzi. Kugogoda kwanga tinajambula ku Kawale, kulowa kwanga tinajambula pabalaza pa nyumba ina ku Area 25 patatha masabata awiri. Pa TV ndi masekondi atatu basi. N'chifukwa chake tsiku loyamba amakutola chithunzi pafoni: malaya ake ati, wotchi ili dzanja liti, ndevu zalekeza pati. Usasinthe kanthu mpaka gawolo lithe.

Ine ndinkasewera landilodi wovuta, wa ndevu ngati tonde. Kutatsala tsiku limodzi kuti tijambule kulowa kuja, ndinapita kokametetsa kuti angondiwongola m'mbali. Mnyamata wometayo maso anali pa mpira, makina sanawaveke kachipeso kaja. Kamodzi kokha, msewu wochokera pachibwano mpaka kukhutu. Tinangomaliza zonse ndi lezala, ine n'kutuluka ngati mwana wa Fomu 1.

Adayirekita atandiona anangogwira m'chiuno. Mtsikana wotidzola ndiye anati, "Achimwene, khalani apa, ndevu timapanga." Anatenga meshi yomwe amayi amalukira, n'kuidula tizidutswa ta masentimita awiri. Guluu wake ndi uja womatira nsidze zoikirira. Umapaka pang'ono, kudikira mpaka ayambe kumata chala, kenako n'kumaika tsitsilo mzere ndi mzere kuyambira kunsi kwa chibwano kukwera m'masaya, kuti mzere wapamwamba uzibisa wapansi. Ukatero kulinganiza ndi sizasi, pomaliza pawudala kuti guluu asanyezimire pa kamera. Koma khungu liyenera kukhala louma, lopanda mafuta. Anandifunsa ngati ndadzola kanthu, ine ndinakana. Chonsecho m'mawa ndinali nditadzikhuta Vaseline chifukwa lezala ija inandisiya kumaso kukuthetheka.

Tsono ganizani: Okutobala, nyumba yamalata yopanda siling'i. Mawindo otseka, fani yozimitsa, chifukwa maiki imatola zonse, tambala, chigayo, njinga zamoto za kabaza. Magetsi awiri ojambulira akundiotcha pamphumi. Kamera ndi imodzi, ndiye zomwezomwezo mumazichita katatu: patali, pafupi pa ine, pafupi pa mnzanga. Ulendo uliwonse tiyi amathiranso wotentha kufika pomwe analekeza, kuti m'kapu musaoneke kuti mwasintha.

Chapatali chinayenda bwino. Pofika pa nkhope yanga, thukuta linali litalowa kale kunsi kwa guluu, ndipo ndinkamva tsaya lakumanzere likupepuka. Ndinakalipa monga mwa mawu anga: "Mayi, mwezi watha, ndalama zanga zili kuti?" Pa "kuti" paja chibwano chinagwedezeka. Ndinaweramira m'kapu kuti ndimwe mwaukali, nthunzi n'kumalizitsa ntchito. Theka la ndevu linangoti phava mu tiyi, n'kumayandama ngati khoswe wagwera m'chitsime.

Mayi amene ankasewera walendi uja ndi chiyamba kale pa ntchitoyi. Osaseka ngakhale pang'ono. Anasuzumira m'kapumo, n'kugwada mwaulemu: "Pepani bambo, dikirani ndikatenge sefa." Wogwira ndodo ya maiki anaigwetsera pamutu panga, adayirekita anali pansi kuseri kwa mpando, kulephera n'kunena komwe kuti tiime.

Guluu anali atatha, dzuwa likupendeka, nyumba yobwereka mpaka 5 koloko. Anandimanga mpango kuzungulira chibwano mpaka pamutu, n'kuwonjezera mzere umodzi woti dzino likundiwawa. Ndiye mukaonera gawo limenelo, landilodi akugogoda ali bwinobwino ndi ndevu zake, polowa pakhomo dzino lamugwira kale. Mpangowo ndinakhala nawo magawo atatu, m'kutentha komweko, kudikira ndevu zimere.

Sewero litayamba kuonetsedwa, ndinakwera minibasi yopita m'tauni. Agogo ena anandiyang'anitsitsa kuyambira pa siteji mpaka pa depoti. Potsika anandikoka malaya: "Alandilodi, dzino lija kachotseni. Mwina ndi lomwe likukupangitsani nkhanza."